Kabokosi ka Nambala 7

Fomu ndinakaitenga Lachiwiri, mvula ikuwaza.
Ndinaiika m'jumbo ya shuga kuti isanyowe
pa sakaramento yochokera ku Luwinga kupita ku Zolozolo.
Masamba anayi. Ndawawerenga kasanu.

Akuti digiri yoyamba, yokhoza bwino.
Ine kukhoza ndinakhoza, bwinoyo ndiye ayi.
Mayeso omaliza ndinalemba Fiskani ali ndi masiku khumi ndi awiri,
mkaka ukunyowetsa bulauzi,
amayi akumugwedeza panja pansi pa paini.
Pepalalo silinena zimenezo.
Limangoti anakhoza.

Akuti makalata awiri a anthu okudziwa,
mmodzi akhale amene anakuphunzitsa.
A Kanyimbo tinawaika m'manda ku Ekwendeni chaka chatha.
A Mwafulirwa ndawaimbira katatu.
Akuti, tandikumbutsani mayi,
munkakhala kutsogolo kapena kumbuyo?

Risiti ya ku banki ilipo.
Inali ndalama ya malata a khitchini.
Khitchini idikire, inazolowera.

Chondigoneka mochedwa ndi kabokosi ka nambala 7:
zaka zomwe mwakhala pa utsogoleri.
Kabokosi kake ngati chikhadabo cha mwana.
Ndilowetsemo chiyani?
Zaka zisanu ndi zinayi ndikugwirizira mpando wa ahedi,
kalata yondikhazika ikadali m'njira?
Usiku uja mphepo inasasula denga la Fomu 2,
ine ndi mlonda tikutola malata ndi tochi ya pafoni?
Mtsikana uja ndinakamutenga ku banja ku Mchengautuwa,
apongozi ake akundikuwiza mpaka kumsewu,
amene lero akubaya anthu jakisoni ku Mapale?
Mphunzitsi wa masamu
amene ndimayamba ndamununkhiza Lolemba lililonse
ndisanamupatse choko?

Ndalemba 9.
Yakwana, malo atsalakonso.

Akanditenga, akuti ndi zaka ziwiri.
Loweruka lililonse ndizikakhala pa desiki, ine agogo a kalasi,
kuphunzira malamulo a maphunziro, kayendetsedwe ka ndalama,
ndi luso lotsogolera anthu osafuna kutsogoleredwa.
Kenako kafukufuku, buku lathunthu la dzanja langa,
ndi kukaliteteza pamaso pa akadaulo atatu.
Kuteteza sikundiopsa.
Ndinatetezapo ndalama ya chimbudzi chatsopano
pamaso pa makolo mazana awiri, dzuwa lili paliwombo.
Chondiopsa ndi kompyuta.
Fiskani akuti andiphunzitsa ndikamugulira bando.

Lachisanu ndinabwerera, nditavala suti ya misonkhano.
Pawindo lolandirira mafomu ndinapeza Vitumbiko Harawa,
yemwe ndinamubwezapo kunyumba katatu chifukwa cha tsitsi.
Ameta tsopano. Wavala tayi.
Anaimirira, Madamu!
kenako anakumbukira mpando wake, nakhala.

Ananyambita chala, natsegula tsamba ndi tsamba.
Pa digiri anaima pang'ono.
Izi akaona a komiti, anatero,
zaka zanuzi nthawi zina zimalankhula.
Pa nambala 7 sanachedwepo.
Kenako anakweza maso:
chithunzi chachiwiri chili kuti?

Chinali pa tebulo ku Zolozolo, pansi pa kapu.

Ndinati mwanawe, nkhope ndi yomweyi, ukuiona.
Anati Madamu, lamulo ndi lamulo.
Mawu anga omwe,
ngakhale kakwezedwe ka nsidze ndi kanga.
Tikutseka folo koloko, anawonjezera motsitsa,
mukachedwa mugogode ku khomo la kumbuyo.

Ndiye ndi ine pano, pa kampando ka wojambula,
nsapato zili matope okhaokha,
kumbuyo kwanga nsalu yoyera yong'ambika pakona.
Kwatsala mphindi makumi anayi.
Mnyamata akuti dzutsani chibwano, mayi,
yang'anani kuno,
musaseke.